Mbiri ya pulasitiki ya m'kati mwa galimoto, ndi bondo langa

 

Mukukumbuka tsiku lija tinazungulira wailesi pansi pa mtengo, nkhani ili ya ngozi za pamsewu. Abambo ena achikulire anati magalimoto akale ndiwo anali magalimoto, chitsulo chokhachokha, koma a masiku ano ndi mabeseni oyenda. Tonse tinaseka, ine ndiye ndinachita kuomba m'manja. Lero ndabwera kudzabweza kuomba m'manja kwangako.

Chinachitika n'chakuti patangopita masiku ochepa ndinakwera chapa kuchokera ku Matundo. Tisanafike pa mlatho wa Samora Machel, mbuzi inalowa mumsewu, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Mnyamata amene anakhala kutsogolo anagunda chipumi pa deshibodi, pulasitiki ija ya kutsogolo kwa dalaivala. Anangotupa pang'ono, basi. Ine ndinali kumbuyo, pa benchi loonjezera, lachitsulo cha ngodya chowotcherera konkuno. Bondo linang'ambika, kuchipatala anandisoka. Ndinakhala masabata awiri osathirira dimba langa ku Nhartanda, ndipo tomato amene ndinkati ndipite naye kumsika wa Kwachena anapserera. Ndili chigonere ndinadzifunsa: kodi chitsulo tinkachitama chija si chomwechi chandipweteka?

Ndinayamba kufunsafunsa. Mphwanga amene akuphunzira umakaniko ankandiwerengera zina, ndipo zina ndinamva kwa madala ena oyandikana nawo nyumba, mmodzi wa aja timawatchula kuti Madjermane. Zimene ndinatola ndi izi.

Magalimoto oyamba ankawapanga ngati ngolo, mkati muli matabwa ndi zikopa. Kenako chitsulo chinalanda malo, mpaka deshibodi inali lata lolimba lopaka penti. Likaima mwadzidzidzi, munthu ankamenya nkhope pachitsulo. Pulasitiki yoyamba yopangidwa ndi mankhwala okhaokha inatulukira mu 1907, woipanga ndi Leo Baekeland ku America, koma poyamba inkangogwira ntchito pa tizinthu ting'onoting'ono.

Apa ndi pamene alimife tikulowera. Henry Ford, mwini wa magalimoto a Ford, anakulira pafamu. M'zaka za m'ma 1930 iye ankagwiritsa ntchito soya, yemweyu timalima ku Angónia, popanga pulasitiki ya batani la hutala ndi kamutu ka giya. Mu 1941 anaonetsa galimoto ku Dearborn imene mafupa ake anali mapaipi achitsulo, koma khungu lake linali zidutswa 14 za pulasitiki yosakaniza ndi za kumunda. Inkalemera pafupifupi makilo 900, pamene zinzake zachitsulo zinkaposa pamenepo ndi makilo oposa 400. Nkhondo yachiwiri itafika ku America chaka chomwecho, ntchitoyo inaima.

Madala aja ndiwo anandiuza za Trabant. Iwo anapita ku East Germany potsatira pangano la 1979 limene boma lathu linasaina lotumiza achinyamata kukagwira ntchito m'mafakitale a kumeneko. Akuti kagalimotoka kanali ponseponse, ndipo ukakagogoda sikankalira ngati lata. Chifukwa chake? Dzikolo linkasowa malata abwino, ndiye anatenga zotsalira za thonje, n'kuzisakaniza ndi utomoni wa mankhwala, n'kuzipanikiza pamoto mpaka kulimba, kenako n'kuzimata pa mafupa achitsulo. Ankazipanga mumzinda wa Zwickau kuyambira 1957 mpaka 1991, ndipo anatulutsa oposa 3 miliyoni. Tangoganizani, eti. Agogo athu kuno ankalimitsidwa thonje mokakamizidwa ndi Apwitikizi kuyambira 1938 mpaka 1961, akungodziwa kuti likukasanduka nsalu, pamene kwina zotsalira za thonje zinkasanduka zitseko za galimoto.

Zinthu ziwiri ndizo zinachititsa kuti pulasitiki idzaze mkati monse. Choyamba ndi imfa za pamsewu. Kuyambira 1968 lamulo la ku America linati mbali za m'kati zimene munthu angagunde mutu zikhale zofewa. Ndiye anayamba kuika siponji ndi pulasitiki pamwamba pa deshibodi, kuti ikagundidwa izipindika yokha m'malo mophwanya munthu. Chachiwiri ndi mafuta. Mu 1973 maiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa, mtengo n'kukwera pafupifupi kanayi. Opanga magalimoto anayamba kufunafuna pochotsa kilo iliyonse. Akatswiri amati ukachotsa makilo 10 pa makilo 100 alionse, pa malita 100 umapulumutsa 6 mpaka 8. Amene munakokapo ngolo ndi ng'ombe mukudziwa: ngolo yolemera imatopetsa ng'ombe katundu usanakweze n'komwe.

Koma pulasitiki payokha singanyamule chiwongolero kapena mpando. Ndiye kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Bayer ku Germany inabweretsa njira yophatikiza ziwirizi, ndipo galimoto ya Audi A6 inali m'gulu la zoyamba kuigwiritsa ntchito. Amatenga lata lopyapyala loboolaboola, n'kuliika m'chikombole, n'kupoperamo pulasitiki yotentha yosakaniza ndi ulusi wa galasi. Pulasitiki imalowa m'mabowo, n'kuuma ngati nthiti zogwira lata kuti lisapindike. Mphwanga akufotokoza ine ndinaseka, ndinati iyi ndi nkhokwe yathu yomweyi! Nsungwi pazokha zimagwedezeka, dothi palokha limagumuka, koma ukamata dothi pa nsungwi zolukidwa, nkhokwe imasunga chimanga chaka chonse. Anayambira kumphuno kwa galimoto, kenako nzeruyi inalowa m'kati: mtanda umene umabisala kuseri kwa deshibodi n'kugwira chiwongolero, zogwirira mapedulo, ndi mafupa a mipando.

Za kumunda nazo sizinatheretu. M'zaka za m'ma 1990 a Mercedes-Benz anayamba kuika ulusi wa zomera, kuphatikizapo khonje, m'kati mwa zitseko. Khonje ameneyu amalimidwa kwathu konkuno ku Nampula. Ndipo Ford Mustang ya 2008 inatuluka ndi siponji ya mipando yokhala ndi mafuta a soya.

Tsono ndisaname, abambo aja ali ndi mfundo yawo. Dzuwa la kuno ku Tete, limene mu Okutobala ndi Novembala limaposa madigiri 40, silichitira chisoni pulasitiki. Ma Hiace athu ambiri amafika kuchokera ku Japan atakalamba kale, ndiye pakapita zaka zingapo deshibodi imang'ambika ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe, zogwirira zitseko n'kuthyoka. Chitsulo ukhoza kupita nacho kwa owotcherera, koma pulasitiki ikasweka umangoti uimate ndi guluu kapena usake ina pa galimoto yakufa. Eni magalimoto angathandizeko poimika pamthunzi ndi kufunditsa nsalu, koma osaphimba paja pamatulukira thumba la mpweya.

Chimene chikundiwawa ine n'chakuti anthu anavutika zaka zambirimbiri kuchotsa ngodya zachitsulo pafupi ndi thupi la munthu, ife n'kumazibwezeramo tsiku limodzi kuti tikwanepo anayi pamzere. Mpando wa kufakitale amauzula, n'kuikapo benchi lolemera, lakuthwa m'mbali, lomangidwa ndi mabawuti awiri. Galimoto ikulemera, mafuta akutha msanga, ndipo pangozi wovulala ndi wokwera. Ndikudziwa kuti eni machapa nawo akusaka chakudya cha ana awo. Koma kuzunguliza ngodya, kukutira ndi siponji, ndi kumanga benchi molimba pansi sikungawononge ndalama zoposa zimene ine ndinataya pa tomato uja.

Ndiye pempho langa kwa akonzi a pulogalamu ndi ili: tsiku lina mutiitanire mwini chapa mmodzi, wowotcherera mmodzi, ndi wapolisi wa pamsewu, tidzakambirane za mabenchiwa pa wailesi onse akumva. Abambo anga aja ndawauza kale kuti tikadzakumana pansi pa mtengo ndidzapinda buluku aone chipsera, kenako adzanenenso za mabeseni.

Ndine wanu, mlimi wa ndiwo zamasamba ku Nhartanda, mumzinda wa Tete.