Foda ndi imodzi, zamkati n'zosiyana: luso limeneli linachokera kuti?

FUNSO: Akonzi, pasukulu pathu kuno ku Njuli aphunzitsi tonse timagwiritsa ntchito kompyuta imodzi, aliyense ndi akaunti yake. Ine ndikatsekula foda ya Documents ndimapezamo mayeso amene ndinakonza, koma mnzanga akatsekula foda ya dzina lomwelo amapezamo zake zokha. Kodi makinawa akutinamiza? Nanga anayambitsa zimenezi ndani? — Mphunzitsi, Njuli, Chiradzulu

YANKHO: Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Makinawo sakunamizani ayi. Dzina la foda limene muliona pagalasi si nkhokwe yeniyeni imene musungiramo makalata anu. Lili ngati chikwangwani cha pamphambano, chimene mwini mudzi angathe kuchitembenuza malinga ndi mlendo amene wafika, kuti inu chikulozereni kunyumba kwanu ndipo mnzanu chimlozere kwake. Kompyuta iyamba yafunsa kuti walowayo ndani, ndipo ikatero ndi pamene isankha kumene dzinalo lidzamfikitse.

Mizu ya luso limeneli ili ku America, m'nyumba zofufuzira za Bell Labs ku New Jersey, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayambitsa Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, m'chaka cha 1969. Masiku amenewo kompyuta inali chuma chosowa, chimene anthu ambirimbiri anali kugawana monga momwe muchitira inu, ndipo panafunika njira yakuti wina asaponde m'munda mwa mnzake. M'chaka cha 1979 mu Unix munalowa lamulo lotchedwa chroot, limene litenga foda imodzi ndi kuionetsa kwa pulogalamu ngati ndiyo tsinde la mafoda onse, kotero kuti wokhala m'katimo, ngakhale akwere kufikira kumwamba kwenikweni kwa zimene aziona, sadziwa kuti kunja kwake kuli zina zambiri zobisika kwa iye.

Nkhani imene inatchukitsa luso limeneli inachitika mu Januwale 1991, pamene wakuba wa pamakina anayesa kuthyola kompyuta ya ku Bell Labs kuti abe mawu achinsinsi a ogwira ntchito. Katswiri woyang'anira, Bill Cheswick, m'malo momtsekera kunja, anampatsa fayilo yabodza, ndipo pambuyo pake anammangira ndi chroot malo ooneka ngati kompyuta yeniyeni, namlola kuyendayenda m'menemo kwa nthawi yaitali, iye ali phee kupenya machenjera ake onse. Kunena zoona, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wakubayo anamutcha Berferd, ndipo malo amene anamtsekeramo anawatcha ndende, dzina limene akatswiri alisunga kufikira lero.

Koma chimene mwafunsa inu, chakuti njira imodzi ifikitse anthu awiri kosiyana, chinakhwima mu Plan 9, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta imene Rob Pike, Thompson ndi anzawo anayamba kuikonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'menemo pulogalamu iliyonse inapatsidwa ufulu wakulumikiza maina a mafoda monga ifunira, popanda kusokoneza za mnansi wake. Linux, imene nayonso iyendetsa kompyuta, inatengera nzeruyi m'zaka za 2001 ndi 2002. Nayo Windows Vista, imene inatuluka mu 2007, inayamba kupatutsa mwakachetechete zolemba za mapulogalamu akale, kuzichotsa kumafoda oletsedwa ndi kuziika m'foda ya munthu aliyense payekha. Ngakhale foni za Android zimene zadzaza m'matumba a okwera minibasi pamsewu wa Zomba zichita chimodzimodzi kuyambira 2014, pamene zinayamba kulola anthu angapo pachipangizo chimodzi.

Ine ndiona kuti luso limeneli ndi lokoma ndithu, makamaka kwa ife amene kompyuta imodzi itumikira sukulu yathunthu, popeza lisunga ulemu ndi mtendere pakati pa ogwira ntchito pamodzi. Komabe musaliyese loko wosathyoka. Amene ali ndi akaunti ya woyang'anira aona mafoda onse m'malo awo enieni, anu ndi a mnzanu omwe, ndipo makinawo akawonongeka zonse zitayika limodzi. Chotero, aphunzitsi, mayeso a ana muwatchinjirize ndi mawu achinsinsi akeake, muwakopere pafulashi imene musunga nokha, ndipo pochoka pampando musaiwale kutuluka mu akaunti yanu.