Mbiri ya Maina a Maelementi ndi Ndandanda Wake

M'zaka za m'ma 1700 anthu ophunzira za mankhwala ku Ulaya adali ndi msokonezo waukulu wa maina. Chinthu chimodzi chinkatchedwa maina angapo, ndipo ena mwa mainawo adali onama. Padali madzi ootcha khungu otchedwa mafuta a vitriol, chonsecho sadali mafuta konse. Padalinso ufa wotsekemera wotchedwa shuga wa mtovu, umene udali chiphe choopsa.

M'chaka cha 1787 Antoine Lavoisier wa ku France, pamodzi ndi anzake atatu, adakonza lamulo lakuti dzina la chinthu lizinena chimene chili m'kati mwake. Patapita zaka ziwiri iye adalemba zinthu 33 zimene adaziyesa zosatheka kuzigawanso kuti mutuluke zinthu zina. Chinthu chotere ndicho chimatchedwa elementi. Ngakhale adaphatikizapo kuwala ndi kutentha, zimene si maelementi, iye adatsegula njira, pakuti adaonetsa kuti madzi, amene anthu akale ankati ndi elementi, ali maelementi awiri olumikizana, haidrojeni ndi okosijeni.

Koma mtundu uliwonse unkatchulabe zinthuzi m'chinenero chake. Tsono m'zaka za 1813 ndi 1814 Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden adapatsa elementi iliyonse chizindikiro cha lemba limodzi kapena awiri, kuchokera ku dzina lake la Chilatini. Nchifukwa chake chitsulo ndi Fe, mkuwa ndi Cu, mtovu ndi Pb, ndipo golide ndi Au, pakuti m'Chilatini ndi ferrum, cuprum, plumbum ndi aurum.

Chidatsala ndicho kuwaika m'dongosolo. M'chaka cha 1869 Dmitri Mendeleev, mphunzitsi wa ku St Petersburg, adandandalika maelementi 63 monga mwa kulemera kwa maatomu ake, naona kuti ofanana makhalidwe akugwera m'mzere umodzi ngati ana a mbumba imodzi. Pamene padasowa elementi yoyenera, iye adasiya malo opanda kanthu, naneneratu makhalidwe a mwini malowo. Mawu ake adapherezeka: galiyamu adapezeka mu 1875, jemeniyamu mu 1886. Mu 1913 Henry Moseley adaonetsa kuti chimene chipatsa elementi malo ake ndi nambala ya atomu, imene lero imadziwika kuti ndi chiwerengero cha mapulotoni. Maelementi odziwika tsopano ndi 118, ndipo anayi omaliza adalandira maina mu 2016.

Mphunzitsi wa ana aang'ono apeza m'mbiriyi chenjezo, chifukwa Chichewa nacho chili ndi mawu osenza katundu muwiri. Mawu akuti chitsulo anena Fe, komanso anena gulu lonse la zitsulo, kotero kuti mwana angayese kuti poto wa aluminiyamu ndi khasu zidachokera m'mwala umodzi. Mkuwa unena Cu, komanso unena chosakaniza cha Cu ndi zinki. Mchere, ngakhale uoneka wayekha, uli sodiyamu ndi klorini. Chotero mphunzitsi wanzeru ayambe ndi dzina limene mwana adalimva kumudzi, alembe chizindikiro pambali pake, ndipo aonetsetse kuti pa phunzirolo dzina limodzi likunena chinthu chimodzi. Mwana wosokonezeka pa mawuwa m'sukulu ya pulaimale adzavutika kuwerenga ndandanda akadzafika ku sekondale.