Mdani wovulala ndi mtengatenga woiwalika

Pamene Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inkayamba mu 1914, Britain ndi Germany anali atavomera kale mapangano awiri. La ku Geneva la 1906 linkati msilikali wovulala athandizidwe posayang'ana mbali imene akumenyera, ndipo la ku Hague la 1907 linkalamula kuti wogwidwa pankhondo asungidwe mwaumunthu. Nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, imene inafika ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ikusonyeza amene malamulowo anawateteza ndi amene anawadumpha.

Kwa ovala yunifolomu, mapanganowo ankagwira ntchito ndithu. Mtsogoleri wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, ankamasula akaidi ena achingerezi akalumbira kuti sadzamenyanso nkhondoyo. Mu Novembala 1917, chakudya ndi kwinini zitachepa, iye anasiya odwala ndi ovulala ake m'manja mwa adani, pokhulupirira kuti madokotala a Britain awasamalira. Atatero anawoloka Ruvuma n'kulowa mu Mozambique.

Komabe chifundocho chinkayang'ana khungu. Gulu lake litatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918, azungu anawatumiza ku Dar es Salaam kukadikira sitima, ndipo mu Malichi 1919 analandiridwa ndi nthungululu ku Berlin. Asilikali akuda anawatsekera kumsasa wa ku Tabora, kumene chimfine choopsa cha chaka chimenecho chinapha ambiri.

Pansi pa onsewa panali amtengatenga. Nyasaland yokha inapereka amuna pafupifupi 200,000 osenza katundu, ambiri mokakamizidwa. Kumbali ya Britain, amtengatenga pafupifupi 95,000 ochokera m'maiko osiyanasiyana anafa, makamaka ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Mdani wogwidwa anali ndi pangano lomuyankhulira, koma wosenza chakudya cha asilikali pamutu analibe lomuteteza kwa omwe anamulemba ntchito. Nawonso anthu a m'midzi imene magulu ankhondo anakokolola nkhokwe zake anasowa kodandaula.

Maphunziro a nkhondoyi anabala pangano la ku Geneva la 1929 lonena za akaidi ankhondo. Anthu wamba anadikira mpaka 1949, nkhondo ina yaikulu itadutsa, kuti nawonso akhale ndi pangano lawolawo.