Mathithi a Manchewe ndi Phanga la Othawa Nkhondo

Pa msika wa Nkhata Bay, pamene amayi amagulitsa usipa, batala, nthochi ndi chinangwa cha kondowole, alendo ambiri otsika mu sitima ya Ilala amafunsa njira ya kumpoto. Ena mwa iwo ulendo wao umakathera ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, kukaona mathithi a Manchewe. Galimoto imakwera ku Mzuzu, kudutsa pa Ekwendeni, kutsetsereka pa Chiweta mpaka pa Chitimba m'mbali mwa nyanja, ndipo pamenepo mseu wa Gorodi umayamba kukwera phiri. Patangotsala makilomita 4 kuti munthu afike ku Livingstonia, mathithi aja ali pafupi ndi mseu. Mumatsika galimoto, kupereka kangachepe, ndi kuyenda mphindi zowerengeka pansi pa mitengo. Ngakhale agogo ndi tiana angathe kufika pa malo oonerapo madzi akugwa mamita 125 kulowa m'chigwa chodzaza ndi nkhalango.

Kufupika kwa kanjirako ndi chinthu chatsopano ndithu. Kale ubwino wa malo amenewa unali wakuti munthu wachilendo sakanawapeza msanga.

Kuseri kwa madzi ogwawo kuli phanga. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti makolo ao, makamaka Aphoka okhala m'mapiri a m'mphepete mwa Nyika, ankabisala m'menemo nthawi ya nkhondo. Taganizani, inu owerenga, nzeru ya anthu amenewo. Madzi ankatchinga khomo la phanga, ndipo mkokomo wa mathithi unkabisa kulira kwa khanda ndi kutsokomola kwa nkhalamba, zinthu ziwiri zimene zimaulula anthu obisala. Ludzu panalibe. Koma m'phangamo ndi monyowa ndi mozizira, moto wophikira ukanaonetsa utsi, ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo anayenera kutsika pa miyala yoterera pambali pa phompho. Munthu sasankha malo otere pokhapokha chimene akuchithawa chikhale choopsa koposa phompholo.

Nanga ankathawa yani? Anyamata operekeza alendo amakonda kunena za ogula akapolo, ndipo sakulakwa. M'zaka zimenezo a Jumbe a ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo pa nyanja kupita ku gombe la kum'mawa, ndipo kumpoto, ku Karonga, kunali Mlozi, amene linga lake linagwetsedwa ndipo iye anaphedwa mu December 1895. Komabe mdani amene anali pafupi kwambiri anali nkhondo ya Angoni. Iwowa anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anakafika ku dziko la Ufipa, ndipo mfumuyo itamwalira, gulu la M'mbelwa linabwerera kumwera ndi kukhazikika m'chigwa cha Henga cha m'ma 1855. Mitundu imene anaipeza inachita mosiyanasiyana. Ena anagonja nalowa m'magulu a nkhondo a Angoni. Aphoka anakwera mapiri nalima timinda m'malo otsetsereka. Atonga a kuno ku Nkhata Bay, amene ambiri a iwo anali atatengedwa, anathawa cha m'ma 1875 kubwerera ku nyanja, anamanga malinga, ndipo anagonjetsa Angoni owalondola pa mtsinje wa Chintheche. Ena ankagona pa timisasa tomangidwa pa mitengo m'madzi kapena pa tizilumba ta miyala. Choncho chimene phanga linali kwa Mphoka, nyanja inali chomwecho kwa Mtonga.

Sitikunena izi pofuna kudzutsa chidani, pakuti zidzukulu za othamangitsa ndi za othamangitsidwa zinakwatirana kalekale, ndipo lero zimagulitsana nsomba pa msika umodzi. Ndiponso tisaiwale kuti amishoni amene analemba zambiri za nkhondozi ankalembera anthu a kwao ku Ulaya ofuna kumva zoopsa asanapereke ndalama. Koma phangalo lilipo, ndipo aliyense angathe kulowamo ndi kudziyesera yekha kuti banja likanakhalamo masiku angati.

Mbiri ya Livingstonia nayo inayamba ndi mathithi, ngakhale ena. Mu 1875 amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, anabwera ndi sitima yaing'ono ya nthunzi, Ilala yoyamba. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo sikanatha kupitirira. Anaiphwasula, ndipo atengatenga mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu mtunda wa makilomita oposa 90, mpaka inalumikizidwanso nilowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho. Anamanga koyamba ku Cape Maclear, koma malungo anawatha. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe, pakati pa Atonga, kumwera kwa Nkhata Bay. Kumenekonso manda anachuluka. Panthawiyo anthu anali asanadziwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu, chinthu chimene Ronald Ross anadzachitsimikiza mu 1897. Iwo ankangoona kuti m'zigwa zotentha anthu akufa pamene m'mapiri akukhala bwino. Mu 1894 Laws anasankha phiri la Khondowe, lotalika mamita ngati 900 pamwamba pa nyanja, ndipo china chimene chinamukopa chinali madzi osaphwa a mitsinje ya kumeneko.

Apa mpamene ntchito ya Manchewe inasinthira. Madzi amene ankabisa anthu anayamba kuyendetsa makina, ndipo mu 1905 Livingstonia anali ndi magetsi ochokera ku mtsinjewu, pamene mizinda yambiri ya muno mu Afrika inali kuunikirabe ndi nyali za mafuta. Pafupifupi nthawi yomweyo mseu wa Gorodi unakumbidwa, wa makilomita ngati 15 ndi makona akuthwa 20, kuti katundu wotsika m'sitima akwere phiri. Mabuku amatchula dzina la Laws, ndipo nkoyenera, pakuti anakhala m'dziko muno zaka 52 kufikira 1927. Koma amene anagwira makasu ndi nyundo zoswera miyala anali anthu a m'midzi yomweyi, ndipo maina ao sanalembedwe pa mwala uliwonse. Kanjira kofupika ka lero kanatheka chifukwa cha thukuta lao: mseu ndiwo unafika pafupi ndi mathithi.

Mseu umenewo unakwezanso ana a ku Nkhata Bay. Sukulu ya Overtoun Institution ya pa Khondowe inalandira anyamata ambiri Achitonga ochokera ku sukulu za Bandawe. Mmodzi anali Yesaya Zerenji Mwasi, amene mu 1914 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, abusa oyamba achikuda a mishoniyo. Wina anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito la ICU, limene linadzakula kwambiri ku South Africa. Anthu amene makolo ao ankagona pa miyala ya m'nyanja poopa mikondo, m'badwo umodzi wokha utapita anali kuwerenga mabuku pa kuunika kochokera ku madzi a Manchewe. Kuyambira 2003 pa phiri lomwelo pali University of Livingstonia.

Kunena za nkhalango, ifenso ndi amene tiyenera kuchita manyazi pang'ono. Woima pa malo oonera amaona mitengo italiitali yolukana ndi zilambe m'chigwamo, ndi mathithi ena aang'ono, a Kazichi, akugwera m'chigwa chomwecho. Akatembenuka kuyang'ana kumtunda amaona minda ya chinangwa ndi chimanga kumene kunali tchire. Mitengo ya m'chigwa yapulumuka chifukwa nkhwangwa imavutika kutsikirako, monga momwe mkondo unkavutikira. Koma mtsinje sumwa madzi a m'chigwa. Umamwa a kumtunda kumene mitengo ikutha. Nkhalango za kumtunda zikatha, mathithi adzasefukira ndi matope nthawi ya dzinja nadzachepa m'chilimwe, ndipo chinsalu cha madzi chotchinga phanga chija chidzapyapyala.

Banja lofuna kupitako lisankhe miyezi ya April kufikira July, pamene madzi akadali ambiri koma mseu wa Gorodi wayamba kuuma. Malo oonera ndi apafupi, komabe tiana tigwiridwe dzanja chifukwa phompho lili pomwepo. Kanjira kotsikira ku phanga nkosiyana: nkotsetsereka, nkoterera, ndipo kamafuna woperekeza wodziwa malowo ndi nsapato zogwira bwino. Agogo angathe kudikira kumtunda pa mthunzi, pamene anyamata ndi atsikana akutsika kukaima kuseri kwa madzi, kumene munthu samva mau a mnzake ngakhale atafuula.