KHASU NDI MCENGA

Palibe nyumba m'mapiri athu ano a Mvera, kufikira ku Dowa ndi ku Nchisi, imene iribe khasu. Ndipo palibe khasu limene silikutha. Munthu aligula liri lalikuru, lolemera ndi lakuthwa. Zikapita zaka zowerengeka, alipeza lacepa ngati cikhato ca mwana. Citsulo cija sicinabedwe, sicinathyokenso. Catsala m'munda pang'ono pang'ono, pa kugwa kuli konse kwa khasulo. Tifuna kulongosola m'mene makolo athu ankalimbanira nako kutha kumeneku, ndi m'mene nzeru zao zina zinatipulumukira. Pakuti khasu lobuntha licedwetsa mizere, mizere yocedwa iphonya mvula yoyamba, ndipo wobzala m'mbuyo mwa anzace ndiye ayamba kusesa m'nkhokwe.

Tiyambe tadziwa cimene cidya khasu. Ambiri ati ndi miyala. Zoonadi mwala upinda khasu ndi kulibenthula, ndipo miyala kwathu kuno siisowa. Koma wakudya weniweni ndiye mcenga. Timiyala toyera tonyezimira ta m'mcenga, timene Azungu aticha quartz, tiri tolimba koposa citsulo ca khasu, ndipo tiri m'nthaka iri yonse, ngakhale m'katondo. Cotero wolima ali ngati munthu wakukhuza khasu lace pa mwala wonolera tsiku lonse, koma mosalinga, kotero kuti liperepeseka osathwa. Katondo akauma gwa, agwira timiyalato zolimba, nitipala citsulo kwambiri. Akafewa ndi mvula, khasu lilowa osalimbana. Wakudya wina ndiye dzimbiri. Khasu logonera pa mame kapena losiyidwa ndi matope licita makoko ofiira, ndipo makokowo ayoyoka tsiku loyamba la kulima, natenga citsulo cimene mcenga ukadatha masiku ambiri kucidya.

Anthu a dziko lino anadziwa citsulo kale lomwe. Ofukula zakale anapeza ku Nkope, m'mbali mwa nyanja, zizindikiro za anthu osula amene anakhalapo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpwitikizi wina, dzina lace Gamitto, pa ulendo wace wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe m'zaka za 1831 ndi 1832, anapyola dziko la Amaravi, nalemba za ng'anjo zao ndi makasu ao. David Livingstone nayenso, popita kuzambwe kwa nyanja caka ca 1866, anamva nyundo zirikulira m'midzi yambiri, naona kuti nyundoyo inali mwala waukuru womangidwa ndi luzi kuti ukhale ndi zogwirira. Iye yemweyo anatenga makasu osulidwa ndi anthu akuda ku maiko a mtsinje wa Zambezi kunka nao ku England, ndipo bwenzi lace la ku Birmingham linapanga nao mfuti. Cotero asanene munthu kuti citsulo ca makolo cinali cacabe.

Koma cinali cobvuta kucipeza, ndipo apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Ku Kasungu ziripo ng'anjo zina zoimirira kufikira lero, zazitali kuposa munthu, zoumbidwa ndi dothi. Wophunzira wina, David Killick, anakhala ndi akulu a kumeneko m'zaka za 1982 ndi 1983, iwo namuonetsa nchito imene anaiona ali anyamata. Miyala ya citsulo ya kumeneko inali yosauka, cifukwa cace ankaiyenga kawiri: poyamba m'ng'anjo yaikuru, imene ikoka mpweya yokha wopanda mbvukuto, niyaka usana ndi usiku, pambuyo pace m'kang'anjo kakang'ono kochedwa ciramba, kopemerera ndi mbvukuto. Taganizani mitengo yogwetsedwa kuti apeze makala, akatundu a miyala osenzedwa pamutu, dothi la kuumba, ndi amuna ogona kuthengo masiku ambiri, osayandikiza akazi ao poopa kuti ng'anjo ingakane. Za miyambo imeneyo sititsutsana pano. Tingoti munthu sazinga ndi malamulo otere cinthu cimene aciyesa copepuka. Potsiriza pace panaturuka cibuma ca citsulo cokwanira makasu owerengeka okha. M'mwemo khasu linali cuma. Ankalipa nalo mirandu, ankapereka kwa mfumu, ankasinthana ndi mcere ndi nsaru. Ndipo mwana wolisiya pa mvula sakadagona osamva mau.

Tsono makolo ankalisunga bwanji? Citsulo cao cinali cofewa koposa ca masiku ano, ndipo kunena zoona cinali kutha msanga m'nthaka. Koma kufewako kunali ndi ubwino wace. Khasu likagunda mwala linkapindika osasweka, ndipo lopindika liongoka. Likabuntha, mwini wace ankanka nalo ku cipala, cimene sicinali kutali ndi mudzi. Wosula naliika pa makala, nasula mlomo wace kuti upyapyale ndi kutambasuka, kukoka citsulo ca pakati pocindikala kunka naco kutsogolo. Uku kusiyana ndi kunola. Wonola acotsa citsulo, natsiriza nchito imene mcenga unaiyamba. Wosula sataya cambiri, angosuntha citsulo kucokera kumene ciri cambiri kunka kumene casowa. Kusulako kulimbitsanso mlomo pang'ono, monga adziwa ali yense amene anapindapinda waya naona kuti pomwe wapindapo pauma.

Ankasamalanso msuka ndi mpini. Mpini ankausankha wa mtengo wolimba wokhala ndi mfundo kumutu, naboola mfundoyo ndi citsulo camoto, kuti msuka ulowe mothina. Khasu logwedezeka ligwa cam'mbali, nilidyeka ngodya imodzi. Ndipo tikaona m'mudzi khasu lotha mbali imodzi ngati mwezi wongokhala kumene, tidziwa kuti mwini wace analekerera mpini, kapena kuti khasulo layenda m'manja ambiri. Paja akuru anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka.

Ndipo khasu silinali kufa imfa imodzi. Lalikuru latsopano linali la mphanje ndi la kuunda matutu. Likacepa, linkasanduka lopalira; likacepanso, lopatsa ana ophunzira kulima, kapena lokumbira mbatata ndi mbewa. Likafika poti silingathenso kanthu m'munda, wosula ankaliphatikiza ndi zidutswa zina m'moto, kapena kulisandutsa kasemasema, mipeni, mibvi ndi malezala. Ngakhale nyengo ya nchito inali kuthandiza: mphanje ambiri ankaiswa mvula iri pafupi kuleka, nthaka ikali yofewa, kuti udzu uole m'kati mwa cirimwe.

Zinthu zinayamba kutembenuka m'masiku a agogo a agogo athu. Angoni a Ciwere atakhazikika m'mapiri ano, Acewa ambiri anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'malinga, kumene kulima kunali kwa mantha, ndipo citsulo cambiri cinanka ku mikondo. Pa 28 November 1889 A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga hema wao pa Mvera, m'dziko la Ciwere yemweyo. Posacedwa linadza boma la Angerezi ndi msonkho wace, amuna nayamba kunka ku Kabula, ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna ndalama, masitoro nafika ndi makasu a kunja. Ena mwa makasuwo anali a kampani ya Chillington ya ku Wolverhampton, okhala ndi cizindikiro ca ng'ona. Munthu wokhala ndi ndalama za m'thumba sakadagonanso kuthengo masabata kudikira ng'anjo. Ku Kasungu moto wa ng'anjo unazima ca m'ma 1930, ndipo m'malo ena unazima kale caka cimeneco cisanafike.

Tisanamizire khasu la ku sitoro. Liri la citsulo colimba, likhalitsa koposa la makolo, ndipo linapeputsa nchito ya amai ambiri. Nkhalangonso zinapuma ku makala a ng'anjo. Cimene tidandaula naco ndi ici, kuti pamodzi ndi ng'anjo tinataya cizolowezi ca kunka ku cipala khasu lisanafe. Cogula ndi ndalama ciyesedwa cosinthika ndi ndalama. Ndipo ndalamazo zisowa mwezi womwewo umene khasu lifunika.

Pamenepo nchito ya khasu inakulanso. Boma la Nyasaland, poona nthaka irikukokoloka, linaika lamulo la kusunga nthaka caka ca 1946, ndipo m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira kuyambira 1948 kufikira 1956, anthu anakakamizidwa kuleka matutu ndi kuunda mizere yopingasa phiri. Okana analipitsidwa, ena namangidwa, ndipo dzina lakuti malimidwe linakhala lowawa m'kamwa mwa anthu. Mizere yopingasa inali nzeru yabwino pa mapiri otsetsereka ngati athu. Cikakamizo ndico cinaiipitsa. Koma za khasu palibe anaganizapo. Mizere iphwasulidwa caka ndi caka, nthaka yonse ya pamwamba nisunthidwa kunka m'khwawa la caka catha. Ndipo alangizi anafuna kuti nchitoyo ithe mvula isanagwe, ndiyo miyezi ya September ndi October, pamene nthaka iri youma ngati njerwa. Sitidziwa njira ina yodyetsera khasu ku mcenga yoposa imeneyi.

Anthu a maiko olima ndi pulao, ndilo khasu la ng'ombe, anabvutika ndi mdani yemweyo. Caka ca 1803 Robert Ransome wa ku Ipswich ku England anapeza njira ya kuumba mpeni wa pulao kotero kuti mbali ya pansi izizire msanga ndi kulimba koposa ya pamwamba. Polima, ya pamwamba yofewayo idyeka msanga, ya pansi nitsala ngati lumo, mpeni nudzinola wokha. Mlengi anayamba kale nzeru imeneyi m'kamwa mwa khoswe, amene mano ace ali olimba kutsogolo ndi ofewa kumbuyo, cifukwa cace sabuntha ngakhale aboole nkhokwe zingati. Ku America, caka ca 1837, wosula wina John Deere anapanga pulao la citsulo cosalala kuti dothi lomata lisakanirire. Masiku ano amisiri a kuocherera amata citsulo colimba kwambiri pa mlomo wa mpeni wa pulao, mbali imodzi yokha, potsata nzeru ya Ransome ija.

Apa ticenjeze iwo amene ayesa kuti kulimba ndiko zonse. Citsulo cikalimba kopambana cikhala ngati galasi. Mcenga sucidya msanga, koma mwala umodzi ucithyola. Osula a m'misika yathu, amene asula makasu ndi nkhwangwa ndi masipuling'i a galimoto zakufa, adziwa ici: wanzeru abviika mlomo wokha m'madzi, nasiya thupi ndi msuka zizizire pang'ono pang'ono, kuti kutsogolo kulimbe ndi kumbuyo kukhale kopirira. Wobviika lonse agulitsa khasu lolira bwino ngati belu, limene lisweka pa munda woyamba wa miyala. Ndipo mwini pulao asadikire mpeni kufikira utatheratu, pakuti ukatha, nthaka iyamba kudya citsulo cimene mpeniwo umangidwapo, ndico ca mtengo waukuru. Pakutha pa nchito atsuke pulao, alipake mafuta akutha a galimoto, naliike pa mthunzi posafika mvula.

Njira yotsiriza inayesedwa pafupi ndi ife pomwe. M'zaka za m'ma 2000 a bungwe la Total LandCare pamodzi ndi a CIMMYT anayamba minda yoyesera kwa Cipeni, m'dera lino la Mvera, ndi m'malo ena a ku Salima ndi ku Nkhotakota. M'minda imeneyo sanaunda mizere konse; anayala mapesi pansi, nabzala m'timaenje toboola ndi ndodo yosongoka. Anthu anaucha ulimi wa mtayakhasu. Dzinalo lipitirira pang'ono, pakuti udzu umerabe, ndipo wosowa ndalama za mankhwala opha udzu abwerera ku khasu kukapalira. Mapesinso ali ndi adani ao: ng'ombe ndi mbuzi za m'cirimwe, ndi anyamata osaka mbewa ndi moto. Koma kupala udzu pamwamba pa nthaka yonyowa, yofundidwa ndi mapesi, sikulingana ndi kugumula katondo wa October. Ndipo pa munda wotere kakhasu kakutha kaja, kamene tikadapatsa ana, kakwanira nchito yonse ya dzinja.