Mbiri ya Lamya m'Mzinda wa Lilongwe

Kalekale mau ankayenda ndi miyendo. Mfumu ikafuna anthu ake inkatuma mthenga kapena kuimbitsa ng'oma, ndipo uthenga wa maliro unkafika kutali mtembo utaikidwa kale.

M'chaka cha 1892 Cecil Rhodes anayambitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph. Cholinga chake chinali chakuti waya ayende kuchokera ku Cape Town kufikira ku Cairo. Wayayo anadzera ku Tete, nafika ku Blantyre, natsata nyanja kupyola Nkhotakota ndi Karonga. Mizati yake inali yachitsulo, pakuti yamitengo ikadatha ndi chiswe, ndipo amtengatenga ndiwo anaisenza. Koma ntchitoyo inaimira ku Ujiji. Ku Cairo sinafike konse. Waya ameneyu sanali wolankhulirapo ai. Anali wa matelegalamu, amene munthu ankalipira liu lililonse. Motero amuna a ku Halale ndi ku Joni ankalandira mau ochepa okha, onena kuti mayi adwala, abwere msanga.

Likulu la dziko litachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, lamya zinachuluka m'maofesi a ku Capital Hill, m'masitolo, ndi m'nyumba za akuluakulu a boma. Munthu wa ku Kawale kapena ku Biwi akafuna kulankhula ndi mbale wake, ankapita ku positi ofesi ndi ndalama zachitsulo m'dzanja, naima pamzere. Wopempha lamya ya m'nyumba ankadikira zaka. Nanga ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene anthu anamanga okha popanda mapulani a boma? Kumeneko waya sankafika nkomwe.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 1995, pamene kampani ya TNM inabweretsa lamya za m'manja. Celtel inatsatira mu 1999. Imeneyi inasanduka Zain mu 2008, ndiponso Airtel mu 2010. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA kuti liziyang'anira makampani otere. Poyamba lamyazi zinali za olemera okha, kotero kuti anthu ochenjera anatsegula timaofesi ta lamya m'mbali mwa misewu ya ku Area 23 ndi ku Area 25, nalipiritsa pa mphindi. Malonda amenewo anafa mitengo ya lamya itatsika. Lamya za waya nazo zinafooka, ndipo akuba a mkuwa anafulumiza imfa yake.

Tsono lamya ya m'manja ili ndi vuto lakelake. Ilibe waya, koma imatumiza mau mumlengalenga kupita ku nsanja yachitsulo imene ili pafupi. Mauwo amafooka akakumana ndi malata, zipupa za njerwa, kapena chitunda. Nchifukwa chake nyumba za m'zigwa, kufupi ndi mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, zimavutika koposa zapamtunda. Ndiponso nsanja imodzi ili ndi malire a anthu amene ingawatumikire nthawi imodzi; madzulo, onse akaweruka kuntchito ndi kuyamba kuimba, ena amatsala panja ngati alendo ochedwa paukwati. Magetsi akathima, nsanja imadalira mabatire ndi mafuta a injini, ndipo izi zikatha imakhala chete.

Zimenezi si zoseketsa monga ena amaganizira poona munthu atakwera pachulu, dzanja lili m'mwamba. Kuyambira 2012 ndi 2013, pamene Airtel Money ndi Mpamba zinayamba, lamya inasanduka chikwama cha ndalama. Mayi amene mwamuna wake ali ku Johannesburg amadikira pamenepo ndalama za lendi ndi za sukulu. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, galimoto yopita ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central imaitanidwa ndi lamya yomweyo. Ikakana kugwira m'chipinda, mayiyo amatsegula chitseko, natuluka yekha mumdima kukafunafuna netiweki kumsewu.