Mawu a Mkazi Pamaso pa Kapitawo ndi Lamulo m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908 pa esiteti ya Bandanga, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 minda ngati Satemwa, Naming'omba ndi ya Conforzi inali itakuta mapiri a bomali. Ambiri mwa antchito anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankakhala pa malo a azungu polipira ndi thukuta lawo. Imeneyi ndiyo inali thangata. Lamulo la 1928 linalola mwini malo kuthamangitsa ena mwa anthu okhala pa esiteti yake, choncho banja lililonse linkadziwa kuti nyumba ndi kamunda kake zili m'manja mwa bwana ndi kapitawo wake.

Thangata inathetsedwa mu 1962, koma mphamvu za kapitawo sizinathe nayo. Ndiye ankagawa mizere yothyola, kulemba amene wabwera, ndi kuyang'anira pa sikelo pamene dengu la masamba likuyezedwa. Ntchito yambiri yothyola ndi ya nyengo ya mvula yokha. Mayi amene ana ake akudalira dengu limenelo sakanatha kukangana momasuka ndi munthu woti angamusiye kunja chaka chamawa, ngakhale munthuyo atamukakamiza kugonana.

Lamulo lofotokoza mlandu wogwirira linabwera ndi atsamunda, m'buku la malamulo a milandu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930. Gawo 132 linati kugwirira ndiko kugona ndi mkazi kapena mtsikana iye asanavomere, kapena atavomera chifukwa chokakamizidwa, kuopsezedwa mwa njira ina iliyonse, kuopa kuvulazidwa, kunamizidwa za chimene chikuchitikacho, kapenanso mwamuna atadzionetsa ngati mwamuna wake. Gawo 133 linaika chilango cha imfa kapena ndende moyo wonse. Mawu ake anali olimba ndithu, koma makhoti ankafuna umboni wina wothandizira mawu a mkazi, monga mabala, nsalu yong'ambika kapena munthu amene anamva kukuwa. Mayi amene anauzidwa mwakachetechete kuti akakana dzina lake lichoka m'kaundula analibe bala loonetsa, ndipo anzake ankangoti ali pachibwenzi ndi kapitawo.

Nkhani ya mowa inasokoneza zinthu kwambiri. Tsiku la malipiro kachasu ndi masese zinkayenda m'midzi yozungulira minda, ndipo nthano za pamowa ndi zisudzo zambiri zinazoloweza anthu kuti mkazi savomera tsiku limodzi, kuti kukana kwake ndi manyazi chabe, ndiponso kuti wolandira mowa wa mwamuna wavomera kale zotsatira zake. Lamulo silinanene zimenezi. Gawo 13 linakana kuti kuledzera kodzifunira kukhale chodzitetezera cha wopalamula, ndipo kupatsa mkazi mankhwala kapena chinthu chomufooketsa kuti wina agone naye kunali mlandu pawokha. Munthu amene waledzera mpaka kusazindikira chomwe chikuchitika sangavomere kanthu. Komabe pamudzi mwamuna woledzera ankamveredwa chisoni, pamene mkazi woledzera ankafunsidwa chimene anakatenga kumeneko, ndipo milandu yambiri inkathera kwa amfumu ndi chindapusa cha mbuzi osafika kupolisi.

Kusintha kunabwera mochedwa. Mu 2011 zaka za mtsikana amene lamulo limati sangavomere kugonana zinakwezedwa kuchoka pa 13 kufika pa 16. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linatchula nkhanza zokhudza kugonana kuntchito kukhala mlandu wa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende, ndipo linafuna kuti malo antchito akhale ndi njira yolandirira madandaulo. Lamuloli ndilo linayandikira kwambiri zimene amayi a m'minda ankakumana nazo, chifukwa linazindikira kuti nkhanza zotere ndi mlandu ngakhale popanda mpeni.

Mu 2019 amayi 36 a m'minda ya Eastern Produce Malawi ku Thyolo ndi Mulanje, mothandizidwa ndi maloya a Leigh Day, anasumira kampani ya Camellia, eni ake a Eastern Produce Malawi, ku London, ponena kuti ena anagwiriridwa ndipo ena anakakamizidwa zibwenzi ndi amuna owayang'anira pantchito. N'zomvetsa chisoni kuti mawu awo anamveka bwino kutsidya kwa nyanja kusiyana ndi pa boma la Thyolo. Mlanduwo unatha mwa mgwirizano mu February 2021, kampaniyo osavomera kulakwa. Inalipira mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo ndalama za maloya, ndipo inalonjeza kulemba amayi oyang'anira chitetezo cha anzawo, kuphunzitsa amayi utsogoleri kuti nawonso akhale akapitawo, ndi kukhazikitsa njira yodandaulira yowunikidwa ndi anthu akunja kwa kampani.